Ndinatsika Chifukwa cha Maliro, Osati Chitunda

Ndisanayambe nditchule mboni zanga, chifukwa anthu a ku Chinsapo ali ndi chizolowezi chomvetsera nkhani yanga mpaka kumapeto kenako n'kufunsa kuti, "Nanga analipo ndani?" Mboni yoyamba ndi alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba kwanga. Bambo amenewa sanandikondepo chikwatirire mlongo wawo, ndiye akavomereza chinthu chondikomera, dziwani kuti chawatuluka ngati dzino la kumapeto. Yachiwiri ndi mkulu wina wowotcherera zitsulo ku Mchesi, amene anandiwotcherera kaliyala kumbuyo kwa njinga yanga. Maso ake anatha ndi moto wa ntchito yake, koma tsiku limene ndikufuna umboni wake anali akuonabe ndi diso limodzi. Yachitatu ndi mayi wina amene ankagulitsa thobwa pafupi ndi damu la ku Malingunde. Iyeyu anamwalira, koma mpaka tsiku lomwalira sanatsutsepo mawu anga ngakhale amodzi.

Zimene ndilembe panozi sindinathiremo mchere. Pena ndachita kuchepetsa, kuopa kuti ana angachite mantha.

Zaka zimenezo, matipate atangofika kumene, ntchito yanga inali ya makala. Ndinkanyamuka ku Chinsapo kunja kukuyera, kudutsa pa Likuni, kusiya phula, kulowa m'fumbi, kulambalala damu mpaka kutsinde kwa mapiri a Dzalanyama, n'kubwerako madzulo ndi matumba atatu. Ine ndi msewu umenewo tinkadziwana. Maenje ake ena ndinawapeza ali makanda, anakula ndikuwaona, ena mpaka anabereka. Ukangosiya nyumba za malata dziko limatseguka: madambo a udzu wofika m'khosi, ng'ombe zoonda, zigafa za fodya, ndi zitunda zotsatizana ngati mizere ya m'munda wa munthu wamkulu kuposa ifeyo. Mwezi wa Juni nkhungu imagona pamadzi a damu mpaka dzuwa litakwera. Mphepo ya kumeneko ili ndi khalidwe limodzi: popita imakuwomba kumaso, pobwera imatembenuka n'kukakudikiranso kumaso.

Njinga yanga inali yakuda, ya mabuleki a ndodo zachitsulo, yopanda magiya. Za kulemera kwake ndingonena izi. Mbala ina inaiba njingayo ku Biwi. M'mawa mwake ndinaipeza kuseri kwa nyumba yachitatu, mbalayo itakhala pambali pake ikupuma, ndipo inandipempha madzi akumwa.

Tikanyamula makala tonse tinkakankha pachitunda, pamenepo palibe manyazi. Koma njinga ikakhala yopanda katundu, panalibe chitunda pakati pa Chinsapo ndi Dzalanyama chimene chinanditsitsapo pachishalo. Anzanga ena anali ndi wailesi, ena nyumba ya njerwa zowotcha. Ine ndinali ndi mbiri imeneyi, ndipo inkandikwanira.

Ku Mchesi kunali bambo wina wa sitolo ya zipangizo za njinga, munthu wa mimba yabwino ndi mawu ofewa. Chaka china anaoda matcheni ambiri amene sankayenda malonda, ndiye anaganiza za mpikisano. Analemba pakatoni n'kukhoma pakhomo pa sitolo: kuchokera pamsika wa Chinsapo, kukazungulira mkuyu wa pafupi ndi damu, n'kubwerera. Woyamba kufika alandira makwacha mazana asanu. Malamulo anali awiri. Loyamba, aliyense wolowa agule tcheni chatsopano m'sitolo yake. Lachiwiri, phazi likangokhudza pansi mwini phazi watuluka, chifukwa iye ankafuna dziko lione kuti wokhala ndi tcheni chake sakankha njinga. Pachitunda chilichonse anaikapo munthu wa kope ndi pensulo. Pachitunda chachikulu, chomaliza usanaone madzi, anaikapo alamu anga, amene anavomera ntchitoyo kwaulere atangomva kuti inenso ndalowa.

Tsikulo linali Loweruka, mwezi wa Ogasiti, fumbi lili pachimake. Tinafola amakala, ankhuni, wina wamkaka amene anaiwala kumasula zigubu zake, ndi mesenjala wina wa mu ofesi m'tauni, wokhala ku Area 25. Iyeyu anabwera ndi njinga imene ambiri tinali tisanaionepo pafupi: matayala owonda ngati mchira wa khoswe, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, magiya khumi. Tcheni cha bambo wa sitolo sichinkakwana panjinga yakeyo, koma anagulabe n'kuchivala m'khosi. Kabudula wake anali wothina moti amayi ogulitsa tomato anatembenuza mipando yawo.

"Madala," anatero akuyang'ana njinga yanga, "chimenechi mukupalasa kapena mukusamutsa?"

"Mufunse msana wanga, achimwene. Muzionana nawo tsiku lonse."

Bambo wa sitolo anaimba wezulo, tinanyamuka. Paphula mesenjala uja anangozimiririka, ndinaona kabudula yekha akucheperachepera. Tisanafike pa Likuni matcheni atsopano aja anayamba kuduka, woyamba wamkaka, kenako ankhuni awiri, kenako ena, moti msewu unadzaza anthu akuluakulu atagwada ngati pa chitsitsimutso. Changa sichinaduke, chifukwa mkulu wowotcherera uja anali atachiyendera mfundo iliyonse ndi hamala dzulo lake. Phula litatha, mchenga unayamba kuchita ntchito yake. Mesenjala ndinamupeza padambo lachiwiri, matayala ake akucheka mchenga ngati mpeni, iye akusinthasintha magiya ngati munthu wofunafuna siteshoni pawailesi. Ndinamulonjera, chifukwa ndinaleredwa bwino, n'kumupitirira.

Ndinafika patsinde pa chitunda chachikulu ndili ndekha kutsogolo. Ndinaimirira pamapedulo. Ndili pakati pa chitundacho, pamene mwendo umayamba kukambirana ndi mtima, ndinaona masamba obiriwira atayalidwa kudutsa msewu.

Mwana aliyense amawadziwa masamba amenewo. Pamudzi pagwa maliro. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula, wanjinga amatsika n'kukankha mpaka atadutsa masamba ena a kutsogolo. Zaka zimenezo masamba sankauma m'misewu. Tinkaika anthu sabata iliyonse, ambiri a iwo a msinkhu wanga. Ineyo ndinali nditaika mng'ono wanga chaka chomwecho, ndipo mwa onse amene anadutsa pakhomo pathu tsiku limenelo, nkhope imene ndimaikumbukira mpaka lero ndi ya munthu mmodzi yekha amene anadutsa ali pachishalo.

Sindinachite kufunsa mtima. Phazi linatsika lokha. Ndinavula chipewa n'kuyamba kukankha.

Alamu anga anali ataima pansi pa mtengo m'mbali mwa msewu, nawonso chipewa chili kumanja, kope lili m'khwapa. Azibambo anali atakhala pamithunzi, amayi akuimba m'nyumba ya siwa. Alamu anandiyandikira n'kumayenda nane, akunong'ona.

"Alamu, phazi."

"Ndaliona. Ndi langa."

"Ndilemba."

"Lembani, koma mulembenso chifukwa chake."

"M'kope muno muli malo a dzina basi."

Tikunong'onezana choncho, kumbuyo kunamveka kulira kwa magiya. Mesenjala analumpha masamba aja ali pachishalo, mutu atauweramitsa pamahandulo, kabudula ali m'mwamba, n'kudutsa pakati pa anthu onse ngati mbuzi yothawa m'khola. Nyimbo m'nyumba muja inaduka pakati pa mawu. Mkulu wina wa imvi anangofunsa chapansipansi kuti, "Mwana wa yani ameneyo?" Ndinaona adzukulu, amene anali atangobwera kokumba manda, akuyang'anana.

Womwalirayo ayenera kuti anali wa abale ambiri, chifukwa masamba achiwiri anali pamsonga penipeni pa chitunda. Ndiye kuti gawo lonse lotsala la chitundacho ndinalikwera ndi mapazi, ndikukankha njinga yopanda katundu, pamaso pa alamu anga. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa adani anga anaisunga.

Nditadutsa masambawo ndinakwera, n'kulowa mumtsetse wopita kudamu. Madzi anaonekera onse nthawi imodzi, otuwa, otambalala pakati pa zitunda, mphepo ikuwakwinya ngati nsalu yosasita. Ndinatsetsereka mwaliwiro loti chipewa changa chinauluka, n'kundipeza pamkuyu patapita nthawi. Mayi wa thobwa uja anali atapatsidwa ntchito yopereka kachivindikiro ka botolo kwa aliyense wozungulira mtengowo. Anandiuza kuti wakabudula wangodutsa kumene.

"Mwauma kukhosi, bambo. Tsikani mumwe."

"Sindingatsike, mayi. Ingondipatsirani."

Anandipatsira chikho ndikuyenda. Ndinazungulira mkuyu katatu ndikumwa, kachinayi ndinabweza chikho, kachisanu ndinalipira ndi kulandira chenji. Phazi silinakhudze pansi.

Pobwerera ndinakwera chitunda chija kuchokera mbali ya kudamu, imene ndi yoimirira kuposa inayo, ndili pachishalo mpaka pamsonga. Pamenepo ndinapeza mesenjala ataima. Adzukulu aja anali atandanda mumsewu, makasu ali paphewa. Mmodzi anangomulozera pansi, kenako n'kumulozera pamutu. Mesenjala anamva. Anasenza njinga yake pamutu ngati mtolo wa nkhuni. Ine ndinatsika ndekha. Nthawi yomweyo bokosi linatuluka kupita kumanda, ndipo tonse awiri tinaima m'mbali mwa msewu mpaka munthu womaliza atadutsa, ine njinga ili kumanja, iye ili pamutu. Tinayenda limodzi mpaka pamasamba a m'munsi. Tinakwera nthawi imodzi.

Kuchokera pamenepo unali mpikisano weniweni. Mumchenga ndinamusiya. Pa Likuni phula litayamba anandipeza, n'kumapumira m'khosi mwanga. Ndinapalasa mmene sindinapalasirepo. Galu wina amene ankandithamangitsa tsiku lililonse pamlatho anangondiyang'ana n'kukhala pansi. Minibasi ina ndinaipitirira, kondakitala n'kundifunsa ngati ndili ndi malo. Pamsika wa Chinsapo ndinafika ndili patsogolo ndi kutalika kwa thumba limodzi la makala, ndipo tcheni chinali chitatentha moti mkulu wina anayatsirapo fodya. Anthu anandinyamula m'mwamba. Njinga anayesa kuinyamulanso, koma anaisiya.

Bambo wa sitolo anati tidikire makope. Tinadikira mpaka alamu anga atafika pamatola, fumbi lili m'nsidze.

"Phazi lake linakhudza pansi?" anafunsa bambo wa sitolo.

"Linakhudza, bwana. Mapazi onse awiri. Popita ndi pobwera."

"Panali maliro," ndinatero ine.

"Panali maliro?"

"Analipo," anatero alamu, nkhope ili ngati akumeza mankhwala a malungo.

"Nanga wakabudulayu?"

"Nayenso anatsika. Anachita kutsitsidwa."

Bambo wa sitolo anapukusa mutu mwachisoni, n'kubweza envulopu ya ndalama m'thumba la jekete. "Pepani kwambiri, achimwene. Koma lamulo langa linanena za phazi. Lamulo silidziwa maliro."

"Ndiye wawina ndani, bwana?"

"Chawina ndi tcheni. Taonani, sichinaduke."

Anatulutsa belu la njinga kuti andipatse lopepesera. Ndinamuuza kuti alisunge, adzaliimbe tsiku limene adzakumbukire amene anawina.

Nkhani ikamayenda imataya katundu wolemera panjira. Pofika ku Kawale, maliro anali atagwamo, kunangotsala zoti wamakala wodzitama uja anakankha njinga yopanda katundu pachitunda cha ku Malingunde. Pofika ku Area 23, akuti ndinakankha kuyambira patsinde. Pofika ku Mgona, akuti ndinakhala pansi n'kulira, ndipo anandibweretsa pangolo. Anzanga amakala tikakumana pachitunda chilichonse ankandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna kuti andigwirire njinga ndipume. Alamu anga akafunsidwa ankanena zoona, koma ankayamba ndi phazi, n'kukhosomola nthawi yaitali, maliro n'kuwatchula omvera atabalalika.

Mayi a kunyumba anandiuza kangapo kuti ndiisiye. "Bambo a ana, ndalamazo mukanalandira bwenzi zitatha kalekale."

"Bwenzi zitatha, koma wozimaliza ndikanakhala ine."

"Ndiye mudya mbiri?"

"Ndakhala ndikudya imeneyo. Panopa andilanda mbale."

Loweruka lililonse ndinkadzera pasitolo paja. Sindinkatukwana. Ndinkangoima pakhomo n'kulonjera. "Mwadzuka bwanji, bwana? Anawina ndani?" Iye ankayankha kuti tcheni. Mwezi wachiwiri anawonjezera chubu pa belu lija. Wachitatu anaikapo tayala. Ndikanalandira zonse zimene anandilonjeza, ndikanamanga njinga yachiwiri n'kutsala ndi zogulitsa. Ndinakana. Tayala silinena kuti wawina ndani. Envulopu ija ndi imene inkanena, ndipo ndinkaifuna iyoyo.

Mvula inagwa, msewu wa kudamu unasanduka phala, makala anakwera mtengo. Tsiku lina m'mawa, mwezi wa Januwale, ndinanyamula matumba awiri kupita nawo kwa mayi wina wokazinga tchipisi ku Mchesi. Njira yachidule yopita kumeneko inkadutsa pakhomo pa nyumba ya bambo wa sitolo. Nditakhota pakona ndinaona masamba atayalidwa mumsewu, anthu atadzaza mbali zonse. Ndinafunsa mayi wina amene ankadutsa ndi ndowa. Anati amwalira bambo ake a wa sitolo, nkhalamba imene inabwera kuchokera ku Dedza kudzagonekedwa m'chipatala.

Ndikulumbira kuti sindinakonzekere. Sindinkadziwa n'komwe kuti munthuyo ali ndi bambo. Koma nditafika pamasamba aja, phazi limene linatsika lokha ku Malingunde linakana. Ndinamanga mabuleki tayala lakutsogolo litatsala chikhatho chimodzi kuti likhudze tsamba loyamba, n'kuima pomwepo ndili pachishalo, mapazi onse ali pamapedulo. Ena amati ndinagwira pholo lamagetsi. Ndinaligwira, inde, koma linali lopendekeka, ndinkalithandiza.

Masamba sindinawadutse. Chipewa ndinavula. Womwalirayo sindinamulakwire kanthu. Ndinangokhala m'malere, kunja kwa maliro, ndi matumba awiri a makala kumbuyo.

Anthu anayamba kucheuka. Mkulu wowotcherera uja, amene anali atatseka shedi yake chifukwa cha malirowo, anadzuka pamene anakhala n'kubwera.

"Iwe, wapenga? Tsika."

"Ndikatsika ndituluka, akulu."

"Utuluka mu chiyani?"

"Sindikudziwa. Eni lamulo ali apo, akafunseni."

"Pano ndi pamaliro."

"Ndi zimene ndinanena inenso."

Anandiyang'ana ndi diso lake limodzi lija nthawi yaitali, kenako anakhala pansi patsinde pa pholo. "Ukagwa usagwere ine," anatero.

Ndinakhala pamenepo kuyambira nthawi ya tiyi mpaka mthunzi wa pholo utalowa pansi pa pholo lenilenilo. Nyerere zinakwera tayala lakumbuyo, kudutsa pamsana panga, n'kutsikira lakutsogolo, ndipo zina zinabwereranso ndi abale awo. Mpheta inayamba kuika udzu m'masipoko. Mwendo wamanzere unafa, wamanja unapita kukaulira. Manong'onong'o anayenda pakati pa anthu mpaka anafika kumene amayi ankaphika. Kenako kunatulukira mayi wina wamtali, wa duku lakuda, chitenje atachimanga mwamphamvu. Wowotcherera anandinong'oneza kuti ndi alongo ake aakulu a wa sitolo, ndipo malirowo akuyendetsa ndi iwowo.

"Bambo, mwadwala?"

"Ayi, mayi. Pepani ndi zovutazi."

"Zikomo. Nanga bwanji simukutsika? Kwanu kulibe maliro?"

"Aliko, mayi, ambiri. Koma ndinatsikapo pamaliro ena ku Malingunde, achimwene anu n'kundiuza kuti ndalakwa."

"Anati chiyani?"

"Anati lamulo silidziwa maliro."

Ndinawafotokozera zonse mwachidule, wowotcherera akuvomereza ndi mutu. Mayiwo anatembenuka n'kupita pakhonde pamene panakhala anamfedwa aamuna. Apa m'pamene ndinamuona bwino bambo wa sitolo. Anali pamphasa, wopanda nsapato, jekete lija palibe, mimba ija ngati yaphwa. Maso anali otupa. Sanali munthu wa envulopu. Anali mwana wa munthu amene ali m'bokosi, monga mmene ndinalili ine pa mng'ono wanga. Alongo ake anawerama n'kumulankhula kukhutu. Iye sanadzutse mutu. Mayiwo anaimirira kanthawi, kenako wina anawaitana m'nyumba, ndipo sanabwerenso.

Kunena zoona, pamenepo chishalo chinayamba kundiwotcha, ndipo sikunali kutopa kokha. Koma ndinati ndafika kale apa, anthu onse a ku Mchesi amva, ndipo mpata ngati uwu sudzabweranso. Ndikangopirira pang'ono, atumiza envulopu kuti achotse manyazi pakhomo.

Envulopu sinabwere. Chimene chinabwera ndi nyimbo. Amayi ovala zoyera anatuluka m'nyumba awiriawiri, pambuyo pawo bokosi lili pamapewa. Lole yopita kumanda inali itaima kumbuyo kwanga, chifukwa kanjirako kanali kothina. Ndiye kuti nkhalamba ija inkabwera kudzadutsa pambali panga penipeni, ine ndili pamwamba pa njinga ngati mfumu ya makala.

Ndinasiya pholo. Ndinatsika. Miyendo inali itaiwala ntchito yake, moti wowotcherera anachita kugwira njinga ndi dzanja limodzi, ine ndi linalo. Ndinaima chilili, chipewa pachifuwa, mpaka bokosi litadutsa. Bambo wa sitolo anadutsa pambuyo pake atagwiridwa ndi anthu awiri. Anayang'ana mapazi anga, kenako nkhope yanga, n'kupitirira.

Njinga ndinaisiya kushedi ya wowotcherera ndi makala ake omwe, n'kukwera nawo lole. Kumanda ndinagwira nawo fosholo. Mayi wa tchipisi tsiku limenelo anagula makala kwa munthu wina, ndipo sanandigulenso.

Madzulo alamu anga anabwera kunyumba, nkhani atayimva kale.

"Ndamva mwatsikanso, alamu."

"Ndatsika."

"Popanda chitunda n'komwe."

"Lembani."

Loweruka lotsatira sindinapite kusitolo. Linzakenso sindinapite. Munthu amene wangoika bambo ake sumufunsa kuti anawina ndani. Ndinauza mayi a kunyumba kuti nkhani ija ndaigoneka, koma asaganize kuti yafa. Iwo anati ngakhale itagona chigonere, iwo salira.

Lamulungu lina masana ndinali pakhonde, chubu chili m'beseni la madzi, ndikufunafuna pobowoka. Alamu analiponso, akudya mango anga. Ndinamva "odi" kumpanda. Anali mayi wamtali uja, duku lakuda likadali kumutu, matope a ku Chinsapo ali m'mapazi. Anati nyumba yanga sanavutike kuipeza, anangofunsa kuti wamakala wotsika uja amakhala pati. Mayi a kunyumba anawayalira mphasa. Tinalonjerana, tinapepesanso za maliro, tinakamba za mvula.

"Achimwene anga akuti munatsikanso," anatero.

"Ndinatsika, mayi."

"Akuti mpikisano uja munawina ndinu."

"Anena ndi pakamwa pawo?"

"Pakamwa pawo masiku ano ndi ine."

Ndinayang'ana alamu kuti ndione ngati amva. Anali atasiya kutafuna, ulusi wa mango uli m'mano. Mayiwo anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa envulopu ija, yomweyo, itapindika ndi kuda m'makona chifukwa chokhalitsa m'jekete, n'kuiika pamphasa patsogolo panga.